“Ndinabayitsa Kale” Pakamwa pa Wodwala Impso

Ku Mbare, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa ndi ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, kumene Chichewa chikumvekabe m’makomo a ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata, nkhani ya katemera imakonda kutsekedwa ndi mawu awiri: “Ndinabayitsa kale.” Anzathu Achishona nawonso amati “ndakabaiwa kare”, ndipo ziyankhulo ziwirizi zikagwirizana chonchi palibe amene amaimanso kuti afunse ngati mawuwo akunena zoona. Kwa munthu wathanzi, nthawi zambiri amanena zoona ndithu. Koma kwa munthu amene impso zake zafooka, amene amakwera kombi kawiri kapena katatu pa sabata kupita ku makina osefa magazi, a dayalisisi, ku chipatala cha Parirenyatwa, ku Chitungwiza kapena ku Sally Mugabe kumene ambiri amangoti ku Gomo, mawu omwewa angamusiye pambalambanda iye akuyesa kuti ngotetezeka.

Pa liwu loyambalo sinditaya nthawi. Wobaya ndi namwino, ife timabayitsa kapena timabayidwa, ndipo amene amati “ndinabaya katemera” akulanda ntchito ya mwini jekeseni. Tizikonzana, komatu palibe amene anadwalapo chifukwa cha cholakwika chimenecho. Londidetsa nkhawa ndi lachiwirilo. “Kale” ndi liwu lotsekera mlandu. Munthu akati ngongole ndinabweza kale, kapena mwana ndinamulembetsa kale sukulu, akutanthauza kuti za nkhaniyo musandifunsenso. Chitetezo chimene katemera amadzutsa m’thupi sichili m’gulu la zinthu zotere. Chimakwera kwa masabata angapo, chimafika pachimake, kenako chimayamba kubwerera pansi, ndipo changu cha kubwererako chimasiyana munthu ndi munthu. Mwa odwala impso chimakwera mochedwa, sichifika patali, komanso chimabwerera msanga.

Chikhulupiriro choti kamodzi n’kokwana sichinangotigwera. Chili m’mawu enieniwo amene makolo anatisiyira. “Katemera” ndi mwana wa “kutema”, monga mmene sing’anga amatemera mphini, ndipo dzinali limatikumbutsa nthawi imene azaumoyo ankakanda khungu la pamkono poteteza anthu ku nthomba, n’kusiyapo chipsera chimene munthu ankapita nacho kumanda. Achishona anatengera dzina ku nthendayo: katemera amamutcha “nhomba”, mbale wake wa “nthomba” yathu. N’chifukwa chake mwana wobadwira ku Tafara akati “agogo akabayidwe nthomba”, mlendo wochokera ku Dedza amadzidzimuka, poti kwa iye nthomba ndi matenda amene dziko lonse linalengeza mu 1980 kuti atheratu. Mawu onse awiriwa amaloza chizindikiro chooneka ndi maso, chosafufutika. Komabe ngakhale masiku amenewo chipsera chinkakhalitsa kuposa chitetezo. Chiphaso cha katemera wa nthomba chimene apaulendo ankaonetsa m’malire a mayiko chinkagwira ntchito zaka zitatu zokha, zikatha munthu ankatemeredwanso.

Kuti tiyankhule molondola tiyenera kudziwa chimene chimatsala m’thupi jekeseni ikazulidwa. Katemera si mankhwala okhala m’magazi n’kumalondera. Madzi obayidwawo thupi limawaphwanya pasanapite nthawi yaitali. Chotsala ndi ntchito imene thupi lagwira litakumana nawo, ndipo ntchitoyo ili pawiri. Pali timapuloteni toyenda m’magazi togwira kachilombo kakangolowa, timene achipatala amatitcha ma antibody, ndiye palinso maselo osunga chikumbumtima cha kachilomboko. Ma antibody sakhalitsa. Mwa amene ali m’magazi lero, theka amakhala atatha pakapita pafupifupi masabata atatu, choncho pamafunika maselo ena, okhala m’mafuta a m’kati mwa mafupa, kuti azipangabe atsopano mwezi ndi mwezi. Maselo okumbukira aja amakhala phee mpaka kachilombo katabwera, ndiye amadzuka n’kuyambitsanso ntchito mwachangu.

Impso zikalephera kusefa, zoipa zimene zinayenera kutuluka ndi mkodzo zimaunjikana m’magazi, ndipo maselo oyera amene amagwira ntchito yonseyi amakhala m’magazi omwewo usana ndi usiku. Maselo amene amanyamula chidutswa cha kachilombo kukaonetsa anzawo amagwira ntchito mwaulesi, opanga ma antibody amachepa, ndipo okumbukira sapangika ochuluka. Pamwamba pa izi pamabwera zina zimene wodwala impso amayenda nazo: kuchepa kwa magazi, kusafuna chakudya, matenda a shuga amene kwa ambiri ndiwo anawononga impsozo, ukalamba, ndipo kwa ena HIV. Amene impso zawo zimatayira mapuloteni mumkodzo amatayanso ma antibody momwemo. Amene akumwa prednisolone kapena mankhwala ena ofooketsa dala chitetezo ali ndi chopinga china chapadera. Zonsezi sizitanthauza kuti wodwala impso asabayitse. Iye ndiye wofunika katemera kuposa tonsefe, chifukwa pambuyo pa matenda a mtima, matenda opatsirana ndiwo amapha kwambiri anthu a pa dayalisisi.

Nkhaniyi imaoneka bwino pa matenda a chiwindi a Hepatitis B, amene achipatala cha impso akhala akulimbana nawo kuyambira makina osefa magazi atangoyamba. Kachilombo kake kamayenda m’magazi, kamatha kukhala ndi moyo sabata yathunthu pa dontho louma, ndipo chipinda cha dayalisisi ndi malo amene magazi amatuluka m’matupi a anthu ambiri tsiku lililonse. Mu 1969 ndi 1970 matendawa anabuka m’zipinda zotere ku Edinburgh, anapha odwala pamodzi ndi ogwira ntchito, ndipo mu 1972 dziko la Britain linakhazikitsa malamulo oyeza odwala ndi kupatula amene ali ndi kachilomboko. Katemera wake anavomerezedwa mu 1981. Mwa akuluakulu athanzi osakwana zaka 40, oposa 90 pa 100 alionse amapanga chitetezo chokwanira akabayidwa katatu. Mwa anthu a pa dayalisisi, kafukufuku wa m’malo ambiri anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse sachipanga. Ndiye chifukwa chake iwo amapatsidwa mlingo wowirikiza, mamaikulogalamu 40 m’malo mwa 20, ndipo pa katemera wa Engerix-B amabayidwa kanayi: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, pakatha miyezi iwiri, ndi pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri chibayireni jekeseni yomaliza, magazi amayezedwa kuti aone kuchuluka kwa ma antibody. Nambala yofunika ndi 10. Ikakwana 10 kapena kuposa, munthuyo ngotetezeka.

Apa ndiye pamene “kale” amasiyanitsa anthu. Munthu wathanzi amene anafikapo pa 10, ngakhale ma antibody ake atadzatsika mpaka osaoneka, amakhalabe wotetezeka, chifukwa maselo okumbukira amadzuka nthawi ikadalipo. Ku Alaska anthu amene anabayidwa mu 1981 anatsatidwa kwa zaka 30, ndipo ochuluka zedi anapezeka kuti matupi awo akukumbukirabe. Ameneyo akati “ndinabayitsa kale” sanalakwitse. Kwa munthu wa pa dayalisisi chikumbumtima cha thupi sichidalirika motero, ndipo achipatala amamuwerengera kuti ngotetezeka pokhapokha nambala ikadali pa 10 kapena pamwamba. Choncho amayenera kuyezedwa chaka ndi chaka, ndipo nambala ikagwa amabayidwanso. Chiganizo chomuyenera iye chikhale ndi nthawi m’kati mwake: “Ndinabayitsa chaka chatha, pondiyeza mu Malichi chitetezo chinalipobe.” Chichewa chili ndi zipangizo zonse zonenera zimenezi. Tili ndi “-be” wa “chikugwirabe”, tili ndi “chikadali”, tili ndi “pakadali pano”, tili ndi “mpaka liti”. Timazigwiritsa ntchito ponena za ufa wotsala m’thumba ndi magetsi otsala pa mita, koma tikafika pa katemera timazisiya.

Tisaiwalenso kuti ambiri mwa amene ali pa makina lero ku Harare ndi anthu akuluakulu, obadwa katemera ameneyu asanalowe m’ndondomeko ya ana. Ku Malawi analowa mu 2002. Gogo wa zaka 60 akaloza chipsera cha pamkono n’kunena kuti “akatemera onse ndinamaliza ndili mwana”, chipseracho ndi cha BCG kapena cha nthomba, ndipo pa za chiwindi sichikunenapo kanthu.

Liwu lina lofunika kuliyang’anitsitsa ndi “kugwira”. Timati katemera wagwira tikaona mkono watupa, thupi latentha, kapena patuluka kachilonda. Pa nthomba zinali zoona, chifukwa thuza likapanda kutuluka ankabwerezanso. Pa akatemera ambiri a masiku ano kutupa kwa mkono sikunena chilichonse chodalirika. Wina amamva kuphwanya m’thupi masiku awiri koma magazi n’kuonetsa nambala yochepa, wina samva kanthu koma nambala ili pamwamba. Komanso “sanagwire” amaika mlandu pa botolo, ngati kuti namwino anapereka chinthu chachabechabe, ndipo m’dera limene anthu amakayikira kale akatemera mawu otere amafala msanga pa mzere wa pa mjigo. Ine ndimakonda mneni amene tili naye kale m’nkhani za matenda. Timati chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, malungo osamva mankhwala. Tinganenenso kuti “thupi lamva katemera”, kapena “thupi silinamve mokwanira”. Apa wochita ntchito ndi thupi, monga zililidi, ndipo “mokwanira” akusiya mpata woti pali kumva pang’ono ndi kumva kwambiri. Chimene tiyenera kupewa ndi kunena kuti “thupi lakana katemera”. Kwa ife mankhwala okanidwa ndi thupi ndi aja otulutsa zidzolo, otupitsa nkhope, obanikitsa. Mdzukulu akauza namwino kuti “agogo thupi lawo linakana katemera”, namwino wosamala angaope kuwabayanso, chonsecho vuto lawo linali lofuna jekeseni ina.

Mawu amene asokoneza anthu ambiri m’zaka zaposachedwapa ndi akuti “katemera watha mphamvu”. Pa 19 Meyi 2021, pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, boma la Malawi linatentha poyera milingo 19,610 ya katemera wa AstraZeneca amene masiku ake anali atadutsa. Nkhaniyo inafika kuno pa mafoni tsiku lomwelo, ndipo katemera wotere m’Chichewa timamutcha wotha mphamvu, wofunika kutayidwa. Patangopita miyezi yochepa anthu omwewo anayamba kuuzidwa kuti abwerere kuchipatala chifukwa katemera amene anabayidwa “watha mphamvu m’thupi”. Munthu wamba amve chiyani pamenepo? Ena anamva kuti anabayidwa zowonongeka. Ena anamva kuti m’thupi mwawo muli chinthu chovunda. Zinthu ziwirizi n’zosiyana kotheratu, ndipo siziyenera kubwerekana mawu. Wotha mphamvu ndi wa m’botolo. Za m’thupi tizinena kuti chitetezo chachepa, chikucheperachepera, kapena chazilala. Mneni womalizayu ndimamukonda chifukwa aliyense amadziwa kuti kuzilala ndi kuzima si chinthu chimodzi.

Pali chiphunzitso china cholakwika chimene chinabadwa m’mawu okha. Dayalisisi ambiri amaitcha “kutsuka magazi”, ndipo wodwala akamva kuti chitetezo chake chachepa amangolumikiza yekha: makina aja anatsuka katemera. Ena mpaka amazengereza kubayitsa poganiza kuti Lachinayi akakakhala pa makina zonse zikatuluka. Chotsuka chimachotsa chilichonse chimene chapeza, koma makinawa amasankha. Ntchito yake ndi ya sefa wa ufa, amene amadutsitsa zosalala n’kusunga misere pamwamba. Timabowo ta m’chubu chosefera timadutsitsa madzi, mchere ndi zoipa zing’onozing’ono monga urea, koma ma antibody ndi aakulu kwambiri moti sadutsa, ndipo amabwerera m’thupi pamodzi ndi magazi. Katemera mwiniwakeyo amabayidwa mumnofu wa paphewa, kumene amagwirira ntchito yake ndi m’anabele a m’khwapa. Chochepetsa chitetezo ndi nthenda ya impsoyo, makina alibe mlandu umenewu. Tizinena “kusefa magazi”, ndipo tikatero funso lolakwikalo silibadwa n’komwe.

Chovuta koposa, ndipo apa ndikupempha anamwino ndi omasulira a m’banja kuti asamale, ndi mawu akuti “chitetezo chatsika”. Kuyambira zaka za m’ma 1990, makamaka ma ARV atayamba kuperekedwa m’zipatala za boma mu 2004 kuno ndi ku Malawi komwe, mawu amenewa anasanduka njira yaulemu yonenera HIV. Chimodzimodzi “asilikali a m’thupi achepa”, amene Achishona amati “masoja”: aliyense amamva za CD4. Ndiye taganizani bambo wa zaka 55 amene akutuluka m’chipinda cha dayalisisi, mwana wake n’kuuza mayi kunyumba kuti “adokotala akuti chitetezo cha ababa chatsika”. M’nyumbamo mungalowe mkangano umene magazi sananene. Mawuwo sanganenedwe opanda mwini. Tizitchula kuti n’chitetezo cha chiyani: “chitetezo cha katemera wa chiwindi uja chachepa”. Ndi mawu asanu owonjezera, ndipo amasunga ulemu wa munthu. Komanso kwa amene alidi ndi HIV pamodzi ndi matenda a impso, amene si ochepa m’madera athu, kusiyanitsaku n’kofunikabe, chifukwa CD4 ikhoza kukhala bwino pamene nambala ya katemera wa chiwindi yagwa, ndipo mapepala awiriwo amafuna zochita zosiyana.

Mliri wa COVID-19 ndiwo unaika nkhani ya nthawi pakamwa pa aliyense. Katemera woyamba wa Sinopharm, milingo 200,000 yochokera ku China, anafika ku Harare pa 15 Febuluwale 2021, ndipo kubaya kunayamba pa 18 pa chipatala cha Wilkins, woyamba kubayidwa ali wachiwiri kwa pulezidenti, Constantino Chiwenga. Tonse tinaphunzira kuti majekeseni ndi awiri, ndipo amene wabayidwa kawiri tinkati “wamaliza”. Chaka chomwecho chisanathe, kafukufuku anaonetsa kuti kwa odwala impso kumaliza kunali kusanafike. Ku America, akatswiri a pa Stanford anatsatira anthu oposa 2,500 a pa dayalisisi amene anabayidwa akatemera a kumeneko, ndipo pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, mmodzi mwa asanu alionse analibenso ma antibody ooneka poyeza. Kwa amene anaikidwa chiwalo cha munthu wina, amene amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo moyo wawo wonse kuti thupi lisachikane, zinali zovuta kuposa apo. Pa Johns Hopkins, mwa anthu 658 otere, 54 okha pa 100 alionse ndiwo anapanga ma antibody atabayidwa kawiri. Ku Toulouse, m’dziko la France, mwa anthu 101, amene anali nawo anali 40 pa 100 alionse pambuyo pa jekeseni yachiwiri, ndipo anafika 68 pambuyo pa yachitatu. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu ofooka chitetezo, kuphatikizapo a pa dayalisisi, azilandira jekeseni ina monga gawo la mlingo wawo woyamba, ndiponso kuti azaka 60 kupita m’tsogolo amene analandira Sinopharm kapena Sinovac, amene ndiwo ambiri a ife tinabayidwa, alandire yachitatu.

Pa jekeseni zobwera pambuyozi timangoti “wachibwereza” pa zonse, ndipo liwuli likusenza katundu woposa msinkhu wake. Kwa Mmalawi aliyense, ngakhale wokhala ku Highfield, chibwereza chimakumbutsa chisankho cha pa 23 Juni 2020, chimene chinachitika chifukwa khoti linafafaniza choyambacho. M’liwuli muli ganizo loti zoyamba zija sizikuwerengedwa. Pali nthawi imodzi imene ganizolo n’loona: munthu wa pa dayalisisi akamaliza majekeseni onse a Hepatitis B koma nambala osafika pa 10, amayambiranso mndandanda wonse. Ameneyo ndiye katemera wachibwereza weniweni. Koma jekeseni yachitatu ya COVID-19 imene WHO inanena ija sinkafafaniza ziwiri zoyambazo. Inali yokwaniritsa mlingo umene kwa thupi lofooka unali wosakwana, ndipo dzina lake loyenera ndi katemera wokwaniritsa kapena woonjezera. Ndiye pali ija yobayidwa pakapita miyezi kapena chaka, thupi litamva bwinobwino poyamba koma chitetezo chitazilala. Imeneyo ntchito yake ndi kudzutsa maselo okumbukira aja, ndipo ine ndimaitcha katemera wokumbutsa. Wodwala akamva kuti “wokumbutsa” sadandaula kuti ulendo wake woyamba unapita pachabe, ndipo safunsa kuti nanga ndibwereza kangati, chifukwa kukumbutsa n’chinthu chimene timadziwa kuti chimachitika kangapo.

Anthu a ku Glen View ndi ku Budiriro ali ndi chitsanzo chawochawo cha chitetezo chokhala ndi malire. Kolera itabuka kumeneko mu Sepitembala 2018, katemera wakumwa anaperekedwa mwezi wotsatira. Kuyambira Okutobala 2022, chifukwa cha kuchepa kwa katemerayu pa dziko lonse, pa miliri pamaperekedwa mlingo umodzi m’malo mwa iwiri, ndipo ndi mmene zinalili pamene anayambanso kumwetsa anthu ku Kuwadzana mu Januwale 2024. Milingo iwiri imateteza pafupifupi zaka zitatu, umodzi umateteza nthawi yofupikirapo. Amene anamwa mu 2018 n’kumati “ndinamwa kale” mu 2024 ankanena za chitetezo chimene chinali chitapita. Kwa munthu wa impso zofooka nkhaniyi ndi yoopsa pawiri, chifukwa kutsekula m’mimba kwa kolera kumaumitsa thupi, ndipo kuuma kwa thupi ndi njira yachidule yophera impso zimene zinkagwirabe ntchito pang’ono.

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi ntchito yanji pamene kuchipatala amayankhula Chishona ndi Chingerezi. Ntchito yake ili pa mpando wa panja pa chipinda, pamene mdzukulu wobadwira kuno, amene Chichewa chake anachiphunzira pa maliro, ku mpingo wa CCAP kapena ku dambwe, akufotokozera agogo ake zimene namwino wanena. Ili mu kombi pobwerera, ili pa foni yopita kwa achibale ku Ntcheu ndi ku Mangochi amene akutumiza kangachepe. Pa malo onsewa palibe dokotala wokonza mawu. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013, pa gawo 6, amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo amalamula nthambi za boma kuganizira chiyankhulo chimene anthu okhudzidwa ndi uthenga akufuna. Tili ndi ufulu wopempha kuti uthenga wa odwala impso ulembedwe ndi kuulutsidwa m’Chichewa. Koma ukadzalembedwa ndi mawu omwe aja, akuti watha mphamvu, watsukidwa, sanagwire, tidzakhala titangosindikiza chisokonezo pa pepala la boma. Mdzukulu uja akhoza kunena chonchi, ndipo agogo adzamva popanda mantha: “Agogo, anesi akuti katemera wa chiwindi uja thupi lanu linamumva bwino, koma chitetezo chake chachepa monga zimakhalira ndi matenda anuwa. Akufuna akubayeni kamodzi kuti thupi likumbuke, ndiye chaka chamawa adzakuyezaninso.”

Mu 2018 boma la Zimbabwe linalengeza kuti dayalisisi m’zipatala zake izikhala yaulere, ndipo makina akamupeza munthu amamupatsa zaka zimene akanapanda kukhala nazo. Zaka zimenezo ndi zimene zimafuna kuyeza kobwerezabwereza. Komabe nthawi yabwino koposa yobayitsa imafika munthu asanaone makinawo. Matenda a impso amagawidwa m’masiteji asanu, ndipo thupi limamva katemera bwino pa siteji yachitatu kapena yachinayi kuposa pa yachisanu, pamene impso zatsala ndi mphamvu yosakwana 15 pa 100. Amayi ndi abambo amene amakatenga mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi pa kiliniki ya ku Mabvuku, ya Rujeko kapena ya Rutsanana, akangouzidwa kuti impso zayamba kufooka, afunse za katemera wa Hepatitis B tsiku lomwelo, pamodzi ndi wa chimfine amene amabayidwa chaka chilichonse ndi wa chibayo. Amene akusonkhanitsa ndalama zokaikitsa impso ku India kapena ku South Africa afunse asananyamuke, chifukwa akadzayamba kumwa mankhwala osunga impso yatsopanoyo thupi lidzamva movutikira, ndipo akatemera okhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever, sadzaloledwanso kwa iwo. Kuyambira pamenepo a m’nyumba mwawo ndiwo ayenera kubayitsa mokwanira, kuti matenda asalowere pakhomo.

M’kabuku ka kuchipatala, kapena m’kope la sukulu limene ambiri amalembamo masiku a makina, pasalembedwe dzina la katemera lokha ndi kachizindikiro kochonga. Palembedwe tsiku la jekeseni iliyonse, tsiku limene magazi anayezedwa, nambala imene inatuluka, ndi mwezi woyezetsanso. Namwino akatanganidwa, wodwala kapena womuperekeza afunse mwaulemu: “Pepani anesi, magazi a chiwindi aja munawayeza liti, ndipo inatuluka nambala yanji?” Ikakhala pansi pa 10, apemphe jekeseni yokumbutsa. Ikakhala 10 kapena kuposa, awerenge miyezi 12 kuchokera tsiku loyezalo n’kulemba mwezi umenewo pa tsamba lotsatira.